Achemwali, idyani kaye, za kupirira tikambe mutakhuta

Achemwali amene mwabisa dzina inu, ndawerenga zimene mwalemba zija mpaka kumapeto ndipo ndikulemba manja akunjenjemera. Makomenti a "onjezerani kusala" ndi "pempherani kwambiri" ndawaona onse. Anthu inu, mnzathu wanena kale kuti wasala mpaka kuchita chizungulire, kuphiri la Bunda wakwerako, chakhumi sadumphitsa, ndiye akufunsa ngati angosiya zonse poti kumwamba kuli zii, inu mukumusenzetsanso katundu yemweyo? Ndipo mawu amene andibaya ndi aja mwaika kumapeto ngati osafunika, akuti abusa anu akuti mankhwala mukumwawo akusonyeza kuti chikhulupiriro chanu n'chochepa. Amenewo ndi amene anandilanda mwamuna.

Ife timakhala ku Area 23. Ine ndinkagulitsa kaunjika ku Tsoka, bambo a kunyumba ankawotcherera zitsulo ku Biwi. Anali ndi matenda a shuga, a jakisoni m'mawa ndi madzulo. Filiji tinalibe, mankhwala tinkawasunga mu mtsuko wa dothi wothira mchenga wonyowa kuseri kwa chitseko, ndipo moyo unkayenda. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, belo linakwera mtengo mosayamba, mpamba wanga unasungunuka, ngongole ya kubanki m'khonde ili pakhosi, alandilodi ali pakhomo. Nthawi imeneyo ndi imene mnzawo wa kuntchito anatitengera ku mapemphero ena a mutenti, kwa munthu amene aliyense ankamutchula kuti papa. Dzina sinditchula, Mulungu akumudziwa.

Poyamba zinali za kufesa mbewu. Fesani kuti bizinesi itseguke, gulani mafuta odzozedwa, gulani sitika ya pachitseko. Kenako usiku wina wa mapemphero ochezera anawaitana bambo kutsogolo, maikolofoni pakamwa, kuwagwira pamimba, amvekere shuga yatha lero, amene wamasulidwa sabwerera kwa Farao. Anthu kuimba nthungululu, kiyibodi kulira, bambo misozi mbwembwembwe. Munthu amene wabayidwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, wina n'kumuuza pagulu kuti zatha, mukuganiza angakane? Ine ndinakana. Ndinakana kunyumba, ndinakana kutenti, ndinawapempha mogwada kuti pemphero lipitirire koma jakisoni asasiye. Nkhani inakafika kwa papa, ndipo Lamulungu lotsatira anandiimiritsa pakati pa anthu n'kunena kuti mayi uyu ali ndi mzimu wa Yezebeli, ndi amene akutsekereza machiritso a mwamuna wake. Azimayi amene ndinkaphika nawo nsima ya kusonkhano anasiya kundipatsa moni. Wina anachita kusuntha mpando ndithu.

Usiku umene zinavuta kunkagwa mvula, magetsi atazima. Kuyambira masana bambo ankangomwa madzi, kapu pa kapu, kutuluka panja pafupipafupi, milomo gwa kuuma. Madzulo anayamba kusanza. Pofika pakati pa usiku ankapuma mozama, mofulumira, ngati munthu amene wathamangitsidwa, ndipo m'kamwa munkatuluka fungo ngati la zipatso zoyamba kuola. Ndikawaitana ankangotsegula maso pang'ono osandizindikira. Ana awiri ataima pakhomo la kuchipinda, wamkulu atagwira tochi ya pafoni, dzanja likugwedera moti kuwala kumangovina pakhoma. Ndinaimbira papa chifukwa bambo asanakomoke ndi dzina limene ankatchula. Anayankha mnyamata wake, amvekere munthu wa Mulungu ali m'pemphero sasokonezedwa, tumizani kambewu pafoni kuti nkhani yanu ilowe msanga, adzozeni mafuta pachipumi, ndipo musayerekeze kupita nawo kuchipatala chifukwa mdani akungoyesa umboni wawo. Mawu amenewa ndimawamvabe m'khutu mpaka lero.

Amene anatinyamula ndi aneba athu achisilamu oyendetsa takisi. Anatuluka ndi kabudula wogonera, kuwanyamula bambo kumapewa ine kumiyendo, matope mpaka m'mawondo, galimoto ikuterereka m'kanjira kathu kaja, ndipo sanafunse ngakhale ya mafuta. Kuchipatala anamwino anathamanga nafe, madiripi mbali zonse, anayesetsa anthu aja, pa iwo ndilibe mawu. Mmodzi anandifunsa mofatsa kuti mayi, jakisoni anasiya liti? Nditapisa m'chikwama kuti nditulutse buku la kuchipatala, ndinapeza kabotolo ka mafuta kaja katatseguka, buku lonse lanyowa, masamba amatana, zolemba za adokotala za zaka zonse zija zafufutika. Ndinaima pamenepo ndi buku lonona m'manja, osatha kuyankha. Kunja kukuyamba kuyera anandiitanira pambali.

Pamaliro, a kutenti sanabwere ngakhale mmodzi. Ngakhale kandulo, ngakhale kathumba ka ufa. Koma sabata yotsatira wina ananditumizira mawu ojambulidwa pa WhatsApp, papa akulalikira kuti pali makomo ena amene mkazi wokayika amatsegulira mzimu wa imfa. Munthu iwe, unadya ndalama ya makina owotcherera a mwamuna wanga, unamuuza kuti ataye mankhwala, foni yako sunayankhe, ndiye mlandu n'kuukankhira kwa ine wamasiye? Mpaka pano ali pa Facebook, suti yatsopano mlungu uliwonse, anthu akulemba "ndalandira papa". Ndikaona ndimamva kutentha m'chifuwa.

Zitatha izo ndinasiya kupemphera. Baibulo ndinaliika pansi pa sutikesi. Nyimbo ya Mulungu ikalira pawailesi ya aneba ndinkatseka zenera. Choncho mukamati mukagwada mawu sakutuluka, ine ndikudziwa malo amene mwaimawo, ndipo sindikuuzani kuti mwabwerera m'mbuyo.

Amene anandidzutsa ndi gogo wina wa Chigwirizano cha amayi, wa mpingo umene ndinakuliramo ndisanatengeke ndi za mutenti. Miyendo yotupa, ndodo m'manja, koma ankabwera ndi phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'kakontena, kukhala pamkeka, kundiyang'anira mpaka nditamaliza. Akatero ankatsuka mbale, kufunsa ana za kusukulu, n'kumapita. Sanandifunsepo kuti bwanji simukubwera kutchalitchi. Patapita nthawi ndithu ndi pamene anatulutsa Buku Lopatulika lawo lakale lomanga ndi mphira, n'kundiwerengera 1 Mafumu 19. Kawerengeni nokha achemwali. Eliya, munthu amene anaitanitsa moto paphiri la Karimeli, anathawira kuchipululu, kukhala pansi pa kamtengo n'kupempha kuti afe. Mulungu sanamuuze kuti asale kudya. Anatuma mngelo ndi mkate wootcha pamakala ndi mtsuko wa madzi, anadya, anagonanso, mngelo anamudzutsanso kachiwiri kuti adye chifukwa ulendo unali wautali. Zolankhulana zinabwera pambuyo, ku Horebu, patapita masiku 40, ndipo kumeneko anauzidwa kuti sali yekha, alipo ena 7,000 amene sanagwadire Baala, n'kupatsidwanso Elisa woti aziyenda naye. Gogo aja atatseka buku anangoti, mwana wanga, Mulungu amadziwa kuti uli ndi thupi. Ndinalira tsiku limenelo kuposa pamaliro.

Ndiye mverani. Kusala kumene mukuchitako kulekeni kaye, idyani, gonani. Kukula mu uzimu sikuyezedwa ndi masiku amene mwakhala ndi njala kapena kukula kwa envelopu. Paulo pa Aroma 5 akuti chisautso chimabala chipiriro, chipiriro n'kubala khalidwe loyesedwa, kenako chiyembekezo, ndipo zimenezi ndi za pang'onopang'ono, sizichitika pa usiku umodzi wa mapemphero. Ngati pemphero lanu lauma, bwerekani la ena. Ine ndinayambira pa Masalimo 88, salimo limene limayamba ndi kulira n'kuthera mu mdima popanda aleluya, koma lili m'Baibulo momwemo, kusonyeza kuti kudandaula pamaso pa Mulungu si tchimo. Ndime ziwiri zitatu patsiku zikwanira. Ngati Chichewa cha Buku Lopatulika la 1922 chikukulemerani, pezani Buku Loyera, limamveka ngati mmene timayankhuliramu.

Za mankhwala ndiye ndinene mokuwa. Luka amene analemba Uthenga Wabwino anali sing'anga, Paulo amamutchula choncho pa Akolose 4:14. Paulo yemweyo, amene anthu ankachira ndi nsalu zochokera pathupi pake, anasiya Trofimo akudwala ku Mileto, ndipo Timoteo anamulangiza chochita ndi vuto lake la m'mimba, sanamunene kuti alibe chikhulupiriro. Kuno kwathu komwe, chipatala cha Nkhoma anamanga ndani? Cha Likuni, cha ku Namitete? Si mipingo? Anthu amene anatibweretsera Baibulo ndi omwewo anabwera ndi mankhwala, ndiye wina wangoyamba utumiki dzana akuuzeni kuti piritsi ndi mdani wa Yesu?

Koma mpingo musasiye, chonde. Ndikudziwa kuti ine ndinachoka ndipo ndinakhala nthawi yaitali osaponda pakhomo la tchalitchi, komabe inu musatero, kukhala wekha kumapha. Ahebri 10:25 ija si yoopsezera anthu, ndi yotiteteza. Pitani, khalani ngakhale kumbuyo, imbani ngati mungathe, mukalephera ingomverani. Kungoti musakhulupirire munthu aliyense, ngakhale wa kolala, ngakhale wolankhula malilime. Nkhani zanu zakuya musaziuze gulu, zimasanduka mitu ya ulaliki. Pezani munthu mmodzi wachikulire amene anaikapo maliro ake n'kukhalabe mwa Ambuye, ameneyo mugwireni. Anzake a Yobu anachita bwino masiku 7 amene anakhala chete, atangotsegula pakamwa kufotokoza chifukwa chimene Yobu akuvutikira, Mulungu anawakwiyira, zili pa Yobu 42:7. Ambiri mwa amene akukupatsani zifukwa panowa ndi a mtundu umenewo. Ndipo ngati abusa anuwo apitiriza za mankhwalazi, tulukanimo lero lomwe, osatsanzika, mipingo mu Lilongwe muno ndi yambirimbiri.

Akhululukireninso amene akukunenani kuti mwazirala, mtima wosunga mkwiyo sukula. Gogo aja amandiuza zimenezi nthawi zonse ndipo n'zoona. Wa mutenti uja ine ndinamupereka m'manja mwa Mulungu monga Paulo anachitira ndi Alesandro wosula mkuwa pa 2 Timoteo 4:14, anamutchula poyera kuti anamuchitira zoipa zambiri, n'kuchenjeza Timoteo kuti asamale naye. Koma nditakumana naye lero m'tauni moni sindingamupatse, ndipo ana anga akadzafunsa chimene chinapha bambo awo ndidzawauza zonse mmene zinayendera.

Panopa ndinabwerera ku Tsoka, ndimagawana belo ndi mnzanga poti ndekha sindingakwanitse. Ngongole sinathe. Ndimapemphera, masiku ena mawu amatuluka, masiku ena ndimangokhala pamphepete pa bedi n'kunena kuti Ambuye ndabwera. Ndilembereni ku inbox mundiuze dera limene mukukhala, ngati ndi chakuno ndidzakutengerani kwa gogo aja, amakonda alendo. Koma musanandilembere, ngati munasiya kale mankhwalawo, mawa m'mawa tengani buku lanu mupite kuchipatala mukawauze tsiku limene munasiya, musawabisire kanthu.