Amalume akufuna kutulutsanso chimbale, tiyambire pati?

FUNSO: Amalume anga ankaimba ndi gitala m'ma 1980, kenaka analeka. Pano adutsa zaka 60 ndipo apeka nyimbo zatsopano zosinkhasinkha moyo wawo. Akufuna gitala wosalumikiza kumagetsi, besi ndi ng'oma pang'ono. Koma mawu awo sakukweranso ngati kale. Kodi chimbale chingatheke konkuno?
Mphwa wawo, Kapata, Chipata

YANKHO: Chingatheke ndithu. Gulu la Zamrock (nyimbo za rock za ku Zambia) la WITCH linatulutsa chimbale cha Zango mu 2023 patapita zaka pafupifupi 40 lisanatulutse china, woimba wake Jagari Chanda atadutsa kale zaka 70.

Chachikulu n'choti musawakakamize kuimba ngati mnyamata. Mawu okhwimawo ndiye chuma cha chimbalechi, musawabise. Pamene akuvutika kufika, tsitsani kiyi ya nyimboyo ndi semitoni (kasitepe kakang'ono ka kukwera kapena kutsika kwa mawu) imodzi kapena ziwiri. Njira yachidule ndi kumasula nsambo zonse zisanu ndi imodzi ndi semitoni imodzi, kuti zala zizigwira momwe anazolowera. Mukaumirira kiyi yakale, mitsempha ya pakhosi imachita kutuluka, mawu n'kusasa nyimbo isanathe. Asajambule nyimbo zoposa ziwiri kapena zitatu patsiku, ndipo madzi akumwa, osati ozizira kwambiri, akhale pafupi.

Nsambo zatsopano muike kutatsala masiku awiri kapena atatu. Za tsiku lomwelo zimatamuka, gitala n'kumangosokonekera.

Maikolofoni ya gitala iloze pa fureti ya 12 (kachitsulo ka nambala 12 pakhosi pa gitala), itatalikira masentimita 20 mpaka 30. Mukailozetsa pabowo la gitala, mudzangomva kugunda kwa mawu apansi, kulira kwa nsambo kutakwiririka. Ya mawu ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, pakati pake muike kasefa kotchinga mpweya wa "p" ndi "b". Jambulani mu WAV (mtundu wa fayilo ya mawu), 24-bit, ndipo pokweza kwambiri mita yoyeza mphamvu ya mawu isapitirire -6 dB, chifukwa mawu ophulika sakonzekanso.

Oimba ambiri akale sanazolowere kutsatira kiliki ya kompyuta, kaphokoso kosunga liwiro la nyimbo, ndipo ikawalowa m'khutu nyimbo imauma. Alekeni aimbe akuliza okha gitala, a besi ndi ng'oma adzatsatire pambuyo.

Ngati simupita ku situdiyo, nyumba yamalata ipeweni nthawi ya dzinja, mvula ikangowaza yalowa kale mu nyimbo. Miyezi ya May mpaka July ndiye yabwino. Tsamiritsani matilesi kukhoma, pachikani mabulangete pazenera, zimitsani firiji. Laputopu ikhale yodzaza moto, popeza jenereta imamveka ngakhale ili kuseri kwa nyumba.

Nyimbo 8 kapena 10 zakwana. Ngati akufuna kuikamo yakale imene inatuluka kudzera ku kampani, aijambulenso mwatsopano, komabe ayambe aona zimene anasainirana pa umwini wake. Nyimbo zonse akazilembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, asanazipereke ku wailesi ya Breeze FM kapena kuziika pa intaneti.