Pa tsiku limodzi sankhani Kande, osati Likoma

Achemwali, mwafunsa zopita ndi alendo anu ku Likoma n'kubwerera tsiku lomwelo. Likoma ya tsiku limodzi kuchokera ku Mzuzu siitheka. Sitima ya Ilala sifikako tsiku lililonse, ndipo kuchoka ku Nkhata Bay ndi maola angapo pamadzi, ndiye n'kugona komweko basi. Ngati alendo anuwo akufuna chilumba ndi munda wa maluwa n'kubwerera madzulo, atengereni ku chilumba cha Kande, munda wa maluwawo mukauone ku Mzuzu pobwerera.

Nyamukani 6 koloko, koma pang'onopang'ono potsetsereka chifukwa chifunga cha m'mawa chimabisa makona. Tsatani M5 kudutsa Chintheche, pafupifupi maola awiri. Panjira imani pa mitengo ya raba ya Vizara, alendo aone utomoni woyera ukudonthera m'tizikho tomangirira pa thunthu. Ndi malo a eni ake, pemphani kaye musanalowe.

Chilumbacho n'chaching'ono, chamiyala, chikuoneka muli pagombe. Pitani ndi woyendetsa boti wodziwika pamalopo, wokhala ndi majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ana omwe. Akanena kuti mwera wakula, mumvereni. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nyanja imasintha mwadzidzidzi, ndipo bwato lodzaza kwambiri ndi lomwe limamwa madzi. Tengani madzi akumwa, nsapato zosaterera ndi magalasi osambirira, chifukwa nsomba za mbuna zabuluu ndi zachikasu zimasewera m'mphepete mwa miyala momwemo.

Muchokeko 1 koloko kuti mukapeze munda wa maluwa uja, Botanic Garden ya ku Mzuzu, kusanade.

Amene wasamba m'nyanja akaona magazi mumkodzo kapena kutentha thupi masabata otsatira, apite kuchipatala akayezetse likodzo ndi malungo, asangogula mankhwala pagolosale.