Mafunso Anu: Wotchi yodula imatayanso nthawi, nde anthu amalipira chani?

Funso: Akonzi, pali chomwe chimandizunguza mutu. Ndinamva kuti mawotchi odula aja ngati Rolex kapena Patek Philippe amatsalira kapena kuthamanga tsiku lililonse, pamene kawotchi ka batire kotchipa kamasunga nthawi bwinobwino. Zoona zimenezi? Ngati zili choncho anthuwa amalipira luso kapena dzina basi?

Yankho: Achimwene munamva zoona ndithu. Wotchi ya batire mkati mwake muli kamwala ka quartz komwe kamanjenjemera ka 32,768 pa sekondi imodzi, nde ikalakwitsa ndi masekondi ngati 15 mwezi wathunthu. Yodula ija nthawi zambiri ilibe batire, imayenda ndi sipuling'i yokulunga yomwe imakankha timagiya, kenako pali kawilo kena kamangopita uku ndi uku, m'mawotchi ambiri ka 8 pa sekondi. Ku Switzerland kuli bungwe la COSC loyesa mawotchiwa, ndipo yomwe yakhoza mayeso imaloledwa kutsalira masekondi 4 kapena kuthamanga 6. Pa tsikutu, osati pa mwezi.

A Seiko aku Japan atatulutsa Astron mu 1969, wotchi yapamkono yoyamba ya quartz kugulitsidwa, makampani ambiri aku Switzerland anagwa zaka zotsatirazo, amisiri ntchito zinawathera. Otsalawo anaona kuti pa kusunga nthawi sangapikisanenso, chomwe angagulitse ndi ntchito ya manja.

Ndipo ntchitoyo ilipodi, ine pamenepa mpomwe mtima wanga umagona. Mukatembenuza wotchi yomwe ili ndi galasi kumbuyo muone m'mbali mwa tizitsulo tija, mmisiri amatisema m'mbalimo mopendeketsa ndi kafelo kenako n'kupolisha mpaka mbee, eni ake amati anglage. Chinsinsi chili pa makona olowa mkati. Chida cha makina chimazungulira nde pa kona chimasiya pobulungira, koma kona yakuthwa nyadu ija imabwera ndi dzanja la munthu, ndipo dzanja likaterereka pang'ono kachitsuloko kawonongeka, ayambirenso kena. Bambo Philippe Dufour, mmisiri waku Vallée de Joux ku Switzerland, amamalizitsa kupolisha ndi kamtengo ka chomera chotchedwa gentian, ndipo amisiri a mtundu umenewo amapolisha ngakhale tizitsulo tobisika tomwe mwini wotchi sadzationa n'komwe, adzatione ndi mmisiri mnzawo podzaikonza. Timiyala tofiira ta mkati mwa wotchimo tokha tisakunamizeni, ndi ruby wopanga kufakitale, ntchito yake n'kuchepetsa kukhulana kwa zitsulo basi, si chuma ayi.

China ndi choti wotchi yotere imakonzeka. Amaimasula yonse, kuitsuka, kuthira oilo watsopano, giya yomwe yatha akhoza kusema ina. A Patek Philippe anayamba mu 1839 ku Geneva ndipo amati amakonza wotchi iliyonse yomwe anapangapo kuyambira nthawi imeneyo. Kungoti sevisi yake imafunika pakapita zaka zingapo ndipo nayo si yamasewera pathumba.

Koma dzina nalo mumalilipira, tisabisane. Rolex ndi wotchi yolimba zedi yopangidwa mosamala, komabe zambiri mkatimo amasema ndi makina apamwamba ndipo amapanga ambirimbiri chaka chilichonse, nde mbali ya mtengowo ndi kusatsa malonda komanso kuti ofuna achuluka kuposa mawotchi. Ine kuona kwanga, ngati mukungofuna kudziwa nthawi gulani ya batire osachita manyazi. Ngati mukufuna luso, funsani wogulitsayo akuonetseni pomwe dzanja linadutsa.

Funso: Akonzi, amati zikwama za Birkin n'zosoka pamanja. Kodi makina sasoka bwino kuposa munthu?

Yankho: Achemwali, makina amasoka mwachangu komanso mowongoka, koma msoko wake ndi wina. Pamakina ulusi wapamwamba umangokolana ndi wapansi, nde ukaduka pamodzi ukhoza kuyamba kumasuka chotsatizana. A Hermès, omwe amapanga zikwamazi, anayamba mu 1837 ku Paris kusoka zomangira akavalo, ndipo msoko wa nthawi imeneyo ndi womwe akugwiritsabe ntchito: ulusi umodzi wopaka phula la njuchi, singano ziwiri kumapeto konse, mmisiri amaboola chikopa kenako singano zonse ziwiri zimadutsa bowo lomwelo, ina kuchokera uku ina uko. Ulusi ukaduka mbali imodzi mbali inayo imagwirabe. Birkin yomwe inatuluka mu 1984 amaisoka mmisiri mmodzi poyambira mpaka pomaliza, maola oposa 15, ndipo m'mbali mwa chikopa amakwecha, kupaka, kuumitsa n'kubwerezanso kangapo mpaka musalale. Mukayang'anitsitsa msokowo muona timizere tapendekeka pang'ono, ndipo si tofanana ndendende ngati ta makina.