Mafunso a Zikopa: Chikwama Chauma Gwa, Ndiyambe ndi Utoto Kapena Mafuta?

FUNSO: Ndili ndi chikwama chachikopa chimene anandisiyira malemu bambo anga. Chinavumbwa ndi mvula, ndiye ndinachiika pafupi ndi moto kuti chiume msanga. Panopa chauma gwa, mtundu wake wofiirira wasuluka, ndipo mopindika mwayamba ming'alu. Mnzanga akuti ndichipake mafuta ophikira, kenako polishi wakuda wa nsapato kuti chioneke chatsopano. Kodi nditero? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, komanso mwachita bwino kufunsa musanachigwire. Mafuta ophikirawo musayerekeze. Masabata oyamba chikopa chimafewa ndithu, munthu n'kusangalala, koma mafutawo akakhalitsa amasasa m'katimo, chikwama chimayamba kununkha ndi kunata, fumbi n'kumakakamira. Oilo wa galimoto ndi girisi nazonso ayi.

Chikopa ndi tiulusi tambirimbiri tolukanalukana, ndipo ofufuta zikopa amalowetsa mafuta pakati pa tiulusito kuti tizitsetsereka chikopa chikamapindika. Madzi akalowa, pouma amasuntha mafuta aja, tiulusi n'kumatirirana. Moto ndiye umawonjezera mavuto. Chikopa chofufutidwa ndi makungwa chikakhala chonyowa n'kutentha kufika madigiri 70 mpaka 85, chimakhwinyata ndipo sichibwereranso. Choncho ndikuuzeni zoona: pamene pakhwinyata ngati mnofu wowotcha, pamenepo papita. Ming'alu nayo sitsekeka. Koma mbali zimene zangouma zingathe kufewanso bwinobwino, ndipo ming'aluyo tingailetse kukula.

Yambani ndi kuona mtundu wa chikopa chanu. Tsegulani chikwamacho muyang'ane m'mphepete modulidwa, kuseri kwa msoko. Mukaona kuti n'chofiirira mpaka m'kati, n'kutheka kuti chinafufutidwa ndi makungwa a mitengo monga oak, chestnut kapena black wattle. Mukaona kamzere kotuwa mobiriwira pakati, chinafufutidwa ndi mankhwala a chrome, njira imene inafala kuyambira m'zaka za m'ma 1880 ndipo ndi imene imapanga zikopa zambiri masiku ano. Kenako donthezani dontho limodzi la madzi pamalo obisika. Likalowa n'kusiya banga lakuda, chikopacho chili ndi ludzu ndipo chimwa mafuta. Likangoima pamwamba, ndiye kuti pali chophimba chimene anathira kufakitale, ndipo chilichonse chimene mungapake chizingoyandama.

Pukutani chikwama chonse ndi kansalu konyowa pang'ono ndi saddle soap, sopo wotsukira zikopa, kapena sopo wosalusa ngati ameneyo palibe. Pakhale thovu lochepa, musachinyike. Ikani mapepala m'kati kuti chisapotoke, muchisiye pamthunzi podutsa mphepo. Chikatsala pang'ono kuumiratu, chikadali chozizira mukachigwira, pakani neatsfoot oil, mafuta ochokera ku mafupa a miyendo ya ng'ombe. Mafuta a lanolin, ochokera ku ubweya wa nkhosa, nawonso amathandiza. Donthezani pakansalu, osati pachikopa, ndipo muzipaka mozungulirazungulira. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa akaona chikopa chikumwa amangothirabe. Chikopa chokhuta mafuta chimalobodoka, chimatamuka, ndipo mafutawo amatulukira pa zovala. Pakani kamodzi mopyapyala, dikirani tsiku lathunthu, kenako muchipinde pang'onopang'ono ndi zala, kutali ndi ming'alu. Mudzamva pamene chayamba kugonja ndi pamene chikukanabe. Pokanapo ndi pamene mubwereze.

Tsopano nkhani ya mtundu. Neatsfoot oil amadetsa chikopa, ndipo kawirikawiri kusuluka kumene mukuonako n'kuuma chabe. Mukapaka kawiri, mwina mudzaona kufiirira kuja kwabwerera, mozama kuposa kale. Ine ndikanakhala inu sindikanachidetsa. Pamene bambo anu ankagwira padakali mthunzi wa dzanja lawo, ndipo utoto wakuda ukalowa, mthunzi umenewo simudzauonanso, chifukwa chikopa chimachoka koyera kupita kokuda basi, sichibwerera.

Ngati mtima wanu uli pa chakuda ndithu, dziwani kuti polishi si utoto. Amangokhala pamwamba, amadzaza m'ming'alu, ndipo mukakoleka chikwamacho paphewa amathera pa bulawuzi. Pezani utoto weniweni wa zikopa. Dikirani masiku angapo mafuta aja akhazikike, pukutani ndi sipiriti kuti polishi wakale ndi chophimba zichoke, yesani kaye kunsi kwa chikwama, kenako pakani mopyapyala kawiri kapena katatu, mukudikira kuti uume. Chitirani panja ndipo muvale magolovesi, poti sipiriti sachedwa kuyaka. Utoto wa zikopa wokhala ndi sipiriti umaumitsanso chikopa, choncho mawa lake bwerezani timafuta pang'ono, n'kumalizira ndi phula la njuchi.

FUNSO: Ndimasoka malamba. Ndikawadaya ndi utoto wakuda amaoneka bwino, koma ogula akubwera kudzadandaula kuti akudetsa mathalauza. Ndikulakwitsa pati? — Mmisiri wachinyamata

YANKHO: Achimwene, utoto umene ukudetsa mathalauzawo ndi wotsalira pamwamba, umene chikopa sichinamwe. Lamba akauma usiku wonse, mupukuteni mwamphamvu ndi nsalu yoyera youma. Idzada. Tembenuzani nsaluyo, pitirizani, mpaka ituluke yoyera. Dzanja limatopa, koma musadumphe ntchito imeneyi, ndipo phula kapena chophimba china chibwere pambuyo pake. Mbali ya m'kati, yokhudza thalauza, ndi bwino kuisiya osadaya n'komwe, chifukwa thukuta limasungunula utoto.

Ngati malamba anu ndi a chikopa chofufutidwa ndi makungwa, pali njira ina imene ndimaikonda kwambiri. Tsukani steel wool kuti mafuta ake achoke, muike m'botolo la viniga woyera, ndipo musatseke kwambiri chifukwa mumatuluka mpweya. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, sefani. Madzi ake amaoneka opanda mphamvu, koma mukapaka palamba mudzaona akusanduka wotuwa, kenako wakuda, muli chiyang'anire. Chitsulo chosungunukacho chimagwirizana ndi tannin, mankhwala achilengedwe a m'makungwa amene ali m'chikopa, ndiye kudako kumachitikira m'kati mwa tiulusi ndipo kulibe chotsalira choti chidetse zovala. Lamba akatuluka wotuwa, yambani mwamupaka madzi a makungwa owiritsa ozizira kuti tannin achuluke. Mukatha, muviikeni mwachangu m'madzi osungunulamo soda wophikira pang'ono kuti asidi wa viniga aphwe, mutsukuluze ndi madzi oyera, muumitse pamthunzi, n'kupaka neatsfoot oil, amene amazamitsa kudako. Musamusiye m'madzi a soda nthawi yaitali, amauma n'kumathetheka. Pachikopa cha chrome njirayi siigwira, choncho yesani kaye pa kachidutswa kotsala podula.