Yambani mwatembenuza mwala, achimwene

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Bradford, kuno ku England, amene wayamba kumanga yekha ma fly (mbedza zovekedwa nthenga ndi ulusi kuti zifanane ndi tizilombo) owedzera nsomba ya trout. Akufunsa kuti pa caddis ndi stonefly, tizilombo ta m'mitsinje timene trout imadya, ayambe ndi iti m'mwezi wa Epulo, komanso n'chifukwa chiyani nsomba zimavundula madzi momuzungulira koma fly yake osaikhudza.

Achimwene, funso lachiwirilo landigwira pachilonda, chifukwa lidandisowetsa tulo chaka chathunthu.

Ine ndidakulira ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Trout tinkangoimva kuti ili pamwamba ku Mulunguzi, nsomba yobwera ndi azungu, yowedza ndi nthenga. Ife kwathu kunali ku Likangala, mbedza pabango, nyongolotsi m'chitini. Malume anga ndiwo ankatitsogolera, munthu wosalankhula zambiri. Koma mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka n'kumagwera pamadzi, iwo ankakhuthula chitini chonse cha nyongolotsi pansi. Amati nsomba ikalawa ngumbi, nyongolotsi siyiyang'ananso. Ndinkangomva chisoni ndi nyongolotsi zomwe ndakumba m'mawa wonse. Sindinkadziwa kuti akundiphunzitsa chinthu chimene ndidzachifune pa mtsinje wa Wharfe, ku Yorkshire, patapita zaka zambiri.

Epulo wanga woyamba pa Wharfe, cha kumtunda kwa Ilkley, ndidakumana ndi grannom. Ndi ka caddis kakang'ono kamene kamatuluka dzuwa likakwera, nthawi zambiri pakati pa 10 koloko ndi 1 koloko, ndipo kamatuluka kochuluka ngati nkhungu za kunyanja. Tinkalowa m'makutu, m'kolala, pamagalasi. Mtima unagunda ngati ndabwerera ku Likangala. M'bokosi ndinali ndi Elk Hair Caddis zambirimbiri zomwe ndidamanga usiku uliwonse m'nyengo yachisanu. Ndi fly yabwino, Al Troth adaipanga mu 1957 ndipo mpaka lero ikugwira nsomba. Koma tsiku limenelo inkangoyandama ngati chitsotso. Loweruka atatu otsatizana ndidabwerera kunyumba wopanda kanthu, ndipo zidandipweteka kwambiri.

Loweruka lachitatu mkulu wina amene ankandionerera ali pagombe adalowa m'madzi, n'kuzula mwala, n'kundipatsa m'manja. Padali timatumba ta grannom titamatirira, pansi pake ka stonefly, kachilombo kophwatalala ka michira iwiri, kakuthawa dzuwa. Nkhani yonse idali pamwala umenewo.

Caddis imayamba ngati mphutsi. Mitundu yambiri imadzimangira kanyumba ka mchenga kapena tizidutswa ta zomera, kenako imadzitsekera momwemo n'kusandulika. Ikakhwima imatuluka n'kusambira kukwera pamwamba, ndipo apa ndiye pamene trout imadyera, pansi pang'ono pa nkhope ya madzi. Kuvundula kumene mukukuona kuja, achimwene, nthawi zambiri ndi msana ndi mchira wa nsomba imene yagwira kachilombo kasanatulukire kunja. Inu mukuipatsa chakudya padenga pomwe iyo ikudyera m'nyumba.

Stonefly ndi ina. Siidzitsekera m'kanyumba. Ikakula imakwawa pansi kulowera kugombe, n'kukwera pamwala, n'kuvula chikopa pamtunda. Mukaona tizikopa touma pamiyala ya m'mbali, dziwani kuti nsomba zayandikira kugombe, ndiye musalowe m'madzi mwaphuma n'kuponda pamene zikudyera. Caddis ikatera mapiko amakhala ngati denga la nyumba, stonefly imawagoneka chathyathyathya pamsana. Ndipo stonefly imafuna madzi oyera, ozizira, othamanga pamiyala. Mtsinje ukayamba kuipitsidwa, imakhala m'gulu la zoyamba kusowa. N'chifukwa chake ndikaona chimbudzi chikutayiridwa m'mitsinje ya kuno mvula ikagwa, magazi amandiwira, monganso ndikaganiza za Likangala yemwe ndidamusiya.

Ndinene mosabisa: mabokosi odzaza ma fly zana amene tonse timayamba nawo aja ndi kutaya ndalama. Munthu amene sanatembenuzepo mwala asagwire ulusi. Mukumanga chifanizo cha chinthu chimene simunachionepo chamoyo, mwangochiona pa YouTube, pamtsinje wa ku Montana kumene stonefly ya salmonfly imatalika ngati chala. Pa Wharfe m'Epulo zochuluka ndi zazing'ono, zowonda ngati singano. Zikuluzikulu zimabwera cha mu Meyi, ndipo Yellow Sally, yachikasu ija, imatsatira kukamafunda. Anthu akale a ku Yorkshire adaidziwa nkhaniyi kalekale. Partridge and Orange yawo ndi ulusi wa silika wa olenji ndi nthenga imodzi ya partridge, mbalame yonga nkhwali, basi. Ndimaikonda fly imeneyi kuposa zonse. Malume akadaiona akadagwedeza mutu kuvomereza, chifukwa ilibe chodzionetsera chilichonse.

Za kumanga

Ulusi wochepa, nthenga yochepa. Nthenga ya partridge muizungulize kamodzi kapena kamodzi ndi theka, kuti tiubweyato tizipuma m'madzi ngati miyendo. Oyamba kumene tonse timaunjika, fly n'kusanduka tsache. Ndidataya paketi yathunthu ya mbedza ndisanakhulupirire zimenezi. Ubweya wa deer, nyama yonga gwape, ukavuta kumanga, ukumazungulira mbedza, muyambe mwaugwira ndi mikombero iwiri yosamangitsa, kenako mukoke.

Tsono yankho lanu: yambani ndi caddis, koma ya pansi pa madzi. Mbedza saizi 14 kapena 16, thupi la ubweya wa kalulu losakaniza ndi wobiriwira pang'ono, nthenga yofewa kumutu. Muike Partridge and Orange pachingwe chomwecho, muponye chokwera mtsinje pafupi, ndipo zikafika kumunsi kwanu muzisiye zikwere zokha musanazule, nsomba zambiri zimagwira pomwepo. Mukayamba kuona milomo yeniyeni pamwamba, mangani Klinkhåmer, ija Hans van Klinken adaipanga mu 1984, imene thupi lake limalendewera m'madzi. Elk Hair Caddis muisungire madzulo ofunda a Meyi. Laisensi yowedzera ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ndi chilolezo cha eni malowo musaiwale, ndipo mwala uja mukauona muubwezere mmene unagonera.