Yankho kwa amalume: za tauni ya pachithunzi ija

Amalume, mwaswera bwanji? Ndamva uthenga wanu, mukufunsa kuti tauni ya pachithunzi ndatumiza dzulo ija ndi iti, nanga bwanji nyumba zake zonse ndi za njerwa zofiira ngati pa mishoni. Dikirani ndikhale pansi kaye.

Dzina lake ndi Toruń, kuno ku Poland, m'mbali mwa mtsinje wa Wisła. Anaiyambitsa ndi asilikali achipembedzo achijeremani, aja amati Teutonic Knights, ndipo chikalata choti pano ndi mzinda chinatuluka mu 1233. Koma anthu amene anadzakhazikika pano anali amalonda, ndipo inu mukuwadziwa amalonda, amalume, salola kukhalidwa pamutu mpaka kalekale. Mu 1454 anatopa nawo asilikaliwo, anawaukira, n'kugumula linga lawo. Sanalimangenso. Ndinakaona ndekha, mabwinja ali mbwee mphepete mwa tauni yakale, ana akuthamangitsana pamwamba pake.

Ndiye njerwa mwaonazo ndi zenizeni. Ku Warsaw, likulu la dziko lino, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inaphwasula pafupifupi zonse, anachita kumanganso. Kuno ayi, tauni yakale inapulumuka, n'chifukwa chake a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anaiika pa mndandanda wawo wa malo ofunika kusungidwa mu 1997. Eya, ndisaiwale, Copernicus uja tinkaloweza kusukulu, wonena kuti dziko ndi limene limazungulira dzuwa, anabadwira konkuno mu 1473. Chipilala chake chili pabwalo la msika, aliyense amafuna ajambulitsirepo.

Koma chimene chinandiseketsa ndi nsanja yopendekeka, amaitcha Krzywa Wieża. Amati uime zidendene ndi msana zitagunda khoma, manja utatambasula kutsogolo. Ukalephera kuima, ndiye kuti mtima wako suli bwino, uli ndi machimo. Ine ngakhale masekondi atatu sanakwane, ndinapepesukira kutsogolo. Chonde musakawauze amayi! Zoona zake n'zoti nthaka ya pansi pake inatitimira kalekale, nkhani ya machimoyo ndi yongokometsera.

Fungo mumsewu ndiye musanene. Amaphika timabisiketi ta uchi ndi sinamoni, amati pierniki, ndi ntchito imene akhala akuigwira kuno kwa zaka mazanamazana. Ndagula mapaketi awiri, sachedwa kuwonongeka. Mundifunsireko azakhali ngati akufuna topaka chokoleti kapena topanda kanthu, sitima yanga inyamuka mawa masana.