Yankho kwa mayi amene afunsa za ma credit hours a mwana wawo ku America

Mayi, mwalemba kuti mwana wanu wapeza malo pa yunivesite ina ku America, ndipo mlangizi wake wa zamaphunziro wamuuza kuti alembetse ma credit hours 15 pa semesita yoyamba, pomwe iye akufuna 12 okha kuti atsale ndi nthawi ya ganyu. Mukufuna kudziwa amene akulondola. Ndikuyankhani monga munthu amene ndinaphunzirako kumeneko, ndipo ndinene poyera kuti pankhaniyi ndili mbali ya mlangiziyo.

Tiyambe tachotsa chisokonezo chimene chimakhalapo pa mawu akuti credit. Kwathu ku Malawi tikamva mawu akuti credit timakumbukira MSCE, kumene mapointi 3 mpaka 6 pa phunziro ndiwo credit. Ku America credit hour siyesa mmene munthu wakhozera, imayesa kulemera kwa phunziro. Credit hour imodzi imaimira ola limodzi la m'kalasi pa sabata, pamodzi ndi maola osachepera awiri owerenga payekha, kwa masabata pafupifupi 15. Maphunziro ambiri ndi a ma credit 3, motero 15 ndi maphunziro asanu ndipo 12 ndi anayi.

Digiri yoyamba m'mayunivesite ambiri kumeneko imafuna ma credit 120, ndipo m'zaka zinayi muli masemesita 8. Wotenga 15 nthawi zonse amakwanitsa 120 ndendende, koma wotenga 12 amafika pa 96 basi, n'kutsala ndi 24, amene ndi chaka china chathunthu cha fizi, lendi, chakudya ndi inshuwalansi ya chipatala. Kuwonjezera apo, mayunivesite ambiri amalipiritsa fizi yofanana kwa aliyense wotenga pakati pa 12 ndi 18, ndiye kuti wotenga 12 amalipirira phunziro lachisanu limene sakuliphunzira. Ngati mwana wanu ali ndi thandizo la fizi, awerenge bwino kalata yake, chifukwa thandizo lotere kawirikawiri limathera pa masemesita 8.

Koma chifukwa chachikulu n'cha visa. Wophunzira digiri yoyamba amene ali pa visa ya ophunzira yotchedwa F-1 amayenera kukhala ndi ma credit osachepera 12 pa semesita iliyonse, ndipo mwa amenewo, phunziro la pa intaneti limene lingawerengedwe ndi limodzi lokha, la ma credit osapitirira 3. Tanthauzo lake ndi lakuti 12 si katundu wopepuka ayi, ndi m'mphepete mwa phompho. Amene wayamba ndi maphunziro asanu, limodzi likamukanika angathe kulisiya n'kutsala pa 12, visa yake ili bwinobwino. Amene wayamba ndi anayi alibe pothawira: ayenera kulimbana nalo phunzirolo mpaka mapeto, ngakhale akuona kuti alephera ndipo GPA yake (avereji ya magiredi ake onse) itsika.

Zimenezi ndinaziona ndi maso. Mnzanga wina wa m'chipinda choyandikana ndi changa anayamba ndi maphunziro anayi, ndipo atalakwa mayeso a pakati pa semesita a Calculus, anatsegula kompyuta usiku n'kulisiya phunzirolo, poganiza kuti ndi nkhani ya iye ndi mphunzitsi wake. Posakhalitsa inabwera imelo yochokera ku ofesi ya ophunzira a kunja yomuitana mwamsanga, chifukwa anali atatsika kufika pa 9 popanda chilolezo. Sabata imeneyo nsima yomwe tinkaphika ndi ufa wogula m'sitolo ya anthu a ku Mexico sinamulowe pakhosi. Anapulumuka movutikira, koma lamulo lake ndi lakuti chilolezo chotsika pansi pa 12 chimapemphedwa munthu asanasiye phunziro, ndipo chimaperekedwa pa zifukwa zochepa zokha, monga matenda otsimikizidwa ndi dokotala kapena semesita yomaliza.

Apa mwana wanu adziwe kuti ali ndi alangizi awiri amene ntchito zawo n'zosiyana. Academic advisor amaona za digiri: maphunziro oyenera kutenga ndi ndondomeko yake. Wa ku ofesi ya ophunzira a kunja, amene amatchedwa DSO, ndiye amasaina fomu ya I-20 (chikalata cha sukulu chimene visa imadalira) ndi kusunga mbiri ya wophunzira mu SEVIS, kaundula wa boma la America wa ophunzira a kunja. Woyambayo angathe kuvomera kuti phunziro lisiyidwe osakumbukira za visa, choncho asanasinthe kalikonse awafunse onse awiri, ndipo mayankho awo akhale olembedwa pa imelo.

Za ganyuzo, lamulo limalola maola osapitirira 20 pa sabata pamene sukulu ili mkati, ndipo chaka choyamba ntchitoyo imakhala ya pasukulu pomwepo, monga mu laibulale kapena kodyera. Ma credit 15 ndi maola 45 a sukulu pa sabata (a m'kalasi pamodzi ndi owerenga payekha), ndiye kuikapo 20 ena n'kudzipweteka. Ine ndingamulangize kuti achepetse ganyu, ayambe ndi maola 10 kapena kucheperapo, m'malo mochepetsa maphunziro.

Ndivomereze kuti ma credit 15 onse salemera mofanana. Labu ya Chemistry imawerengedwa credit imodzi, koma ine inkandidyera maola atatu masana a Lachinayi, osawerengera lipoti lake. N'chifukwa chake akakumana ndi mlangizi asangofunsa nambala. Apemphe kuti maphunziro olemera asakanizidwe ndi opepukirapo, makamaka semesita yoyamba pamene akuzolowera kuzizira ndi kalankhulidwe ka aphunzitsi. Afunsenso maphunziro amene ayenera kuyambirira kuti atsegule njira ya ena, chifukwa pali ena ophunzitsidwa kamodzi kokha pa chaka, ndipo kuwaphonya kumachedwetsa munthu ngakhale nambala ya ma credit ikukwana. Alembe penapake tsiku lomaliza losinthira maphunziro popanda chilembo cha W (chosonyeza kuti phunziro analisiya) pa zotsatira zake.

Inunso, mayi, mudziwiretu kuti lamulo la ku America la mu 1974 loteteza zinsinsi za ophunzira, lotchedwa FERPA, limapereka mphamvu pa zotsatira za mayeso kwa wophunzira mwiniwake akangolowa yunivesite, moti mukaimba foni kufunsa mmene akukhozera, kawirikawiri sangakuuzeni ngakhale fizi mukulipira ndinu. Ngati mukufuna kumaziona, mukambirane naye asananyamuke kuti akasaine fomu yokulolezani.